Sikelo ya Dinah

Dinah ankathira mpunga pasikelo pang'onopang'ono mpaka singano inafika pamene adokotala analemba. Mwamuna wake Zebedee ankadwala shuga, ndipo kwa miyezi isanu chakudya chake chonse chinkadutsa pasikelopo.

Peggy, mlongo wa Zebedee, anaima pakhomo la khitchini.

"Kuchipatala akuti shuga wakweranso chomene. Mumayeza chiyani kodi, alamu? Achimwene akamwalira, abale adzaloza inu."

Dinah anatapa mpunga pang'ono, n'kuubwezeramo. Mumtima mwake munalibe mantha kapena mkwiyo.

"Sikeloyi imayeza za m'nyumba muno mokha," anatero motsitsa mawu. "Achimwene anu akamati ali kumsonkhano wa chipani, amakhala akudya kwa mayi wina ku Zolozolo. Itengeni, alamu, mukampatse iyeyo."