Foni ya Kuseri kwa Mpanda

A Japhet Lekani anali atakhomerera mandala pamphuno, akulimbana ndi rauta. Kabokosi koyera ka intanetiko kanali pamwamba pa kabati m'kashopu kawo kosindikizira mapepala ka pakhomo pawo ku Lirangwe, kakungophethira timagetsi ngati sikakudziwa mlandu.

Mlandu unalipo. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka, pa laputopu pawo pankatulukira foni yachilendo, yopanda dzina, manambala okhaokha. Inkalowa pa netiweki, kudya bandulo pang'ono, n'kuzimirira kusanade. Pang'ono ndithu, koma wakuba ndi wakuba.

Bandulo imeneyo sinali yoseweretsa. Shopu inali itafa kale, makina akungosonkhanitsa fumbi. Rauta ankaisungira munthu mmodzi, Tikondane, mwana wawo yekhayo. Ndiye anailumikiza, kuwaphunzitsa bambo ake kasamalidwe kake, n'kuika dzina la malemu mayi ake kukhala pasiwedi. Kenako anabwerako kukoleji ali ndi pakati. A Japhet, mtima utawira, anati, "Usadzapondenso pakhomo pano!" Tikondane anali mwana womvera kuyambira ali wamng'ono. Sanapondenso.

Madzi akatayika saoleka, koma bambowo anayesa kuola. Anamufuna ku Chileka, ku Lunzu, mpaka kwa Mdeka. Nambala yake yakale inangoti zii. Chaka chinatha. Chotsala chinali kudikira kuti mwina tsiku lina adzawalembera kauthenga pa intaneti, ndipo mantha awo anali akuti tsikulo lidzapeza bandulo itatha.

Wakubayo ankamudziwa. Anali Potiphar, wokonza mafoni amene anali atangosamukira kumene m'nyumba ya kuseri kwa mpanda wawo. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka uyu kanali kometera mabandulo a eni. Umboni unalinso poyera: patsinde pa mtengo wa mango, kuseri kwa mpandako, udzu unali utagona, padothi pali mapazi a nsapato zing'onozing'ono.

"Mpaka kumatuma mkazi wake," anang'ung'udza a Japhet. "Manyazi alibiretu."

Kusintha pasiwedi kukanathetsa zonse, mwana aliyense amadziwa zimenezo. Koma kufufuta dzina la mkazi wawo, lolembedwa ndi zala za mwana wawo, dzanja linakana. Choncho anatsegula tsamba la malamulo, pamene rauta imauzidwa zoti izilola ndi zoti izikana, ngati sefa wolekanitsa ufa ndi misere. Anakopera manambala a foni ija mmodzimmodzi, lilime lili panja. Rauta inawafunsa chochita nayo: iziiuza poyera kuti yakanidwa, kapena izingoisiya osaiyankha? Anasankha kusayankha.

"Agogode mpaka atope," anatero. Lamulolo analiika pamwamba pa malamulo onse, poti rauta imamvera loyamba kulipeza. Zimenezinso anawaphunzitsa Tikondane.

Mawa lake dzuwa litapendeka, foni ija inafika. Inayesa, n'kuyesanso. A Japhet ankangoyang'ana zopempha zake zikugwera m'dzenje chimodzichimodzi. Inatenga nthawi yaitali kuposa masiku onse, kenako inachoka. Tsiku lotsatira sinabwere. Anali atapambana, koma kunena zoona sanasangalale. M'nyumbamo munali zii ngati kale, ndipo foni yawo inali pathebulo, yopanda uthenga.

Ali chikhalire choncho anamva "Odi!" Anali Potiphar, chipewa chili m'manja. A Japhet anakonza pakhosi, atakonzeka kumva wakuba akudandaula.

"Pepani madala, ine ndine mlendo kuno, sindidziwa kuti wakuti ndi wa ndani," anatero Potiphar. "Koma pali mtsikana wobereka khanda amene amakhala pansi pa mango paja madzulo aliwonse. Ndikamuuza kuti alowe kwanu, amati analetsedwa kuponda pakhomo. Amati bola foni yake ikugwirabe netiweki yanu, ndiye kuti ababa ake sanamutaye."

A Japhet anagwira kabati.

"Dzulo anayang'ana foniyo nthawi yaitali, n'kunena kuti, 'Basi, anditsekera.' Wakwera lole ya ku Zalewa lero m'mawa. Koti akupita sananene."