Dzino la Katumbu pa Nsomba za Kunja

Nsomba zouma gwa m'mafiriji a m'sitolo zimandikumbutsa makatoni amene tinkakweza m'sitima padoko la Beira, komanso nthano iyi.

Padangokhalatu, Katumbu ankati akagwira nsomba, ankailuma kumchira ndi dzino lake lobenthuka kuti mwini wake adziwike, n'kuitumiza kutsidya kwa nyanja m'madzi oundana. Mnansi wake Kakowa ankangodya zapadziwe pomwepo.

"Achimwene, inu ndi zamatope zanuzo, pakamwa panu sipanayende," ankatero Katumbu.

Mwana wake atapeza mwamuna, Katumbu anafuna kuti akuchimuna adziwe kuti alowa m'banja lapamwamba. Anakana dengu la nsomba zaziwisi limene Kakowa anabweretsa, n'kukagula katoni ya nsomba yolembedwa m'chilankhulo chachilendo.

"Lawani za kunja," anauza alendowo.

Kakowa anatembenuza imodzi ndi mlomo wake wautaliwo, n'kuyang'ana kumchira.

"Zayendadi izi, achimwene. Koma kunjako kulinso wina wa dzino lobenthuka?"

Alendo onse anayang'ana pakamwa pa Katumbu. Iye anatseka milomo, ndipo mpaka lero akaona alendo amangomira.

Malemu mkazi wanga ankaikamba bwino kundiposa. Chonde wina ailembe ndisanamutsatire.