Pano Si Padzala

Lole itaima pageti, mayi wogula mabotolo akale anatuluka tsache lili m'manja, mkangano uli kale pakamwa.

Chilembereni mlamu wake malowa pa mapu a pafoni kuti ndi "kotaya zinyalala", anthu ankangomukhuthulira matewera ndi makoko owola, ntchentche n'kumachita phwando. Dzana mayiyo analanda mlamuyo foniyo, n'kufufuza yekha mpaka anapeza gulu loyenera pa mapupo, n'kusintha malowo kukhala kolandira mabotolo oti akagwirenso ntchito.

"Bwererani nazo konko!" anakuwa. "Pano si padzala!"

Dalaivala anayang'ana foni yake. "Pepani mayi, mapu akuti mumalandira mabotolo. Kapena ndasochera?"

Anavundukula lona. Munali mabotolo okhaokha, otsuka bwino, atadzaza mpaka pamwamba. Ntchentche ngakhale imodzi panalibe.

Mayiyo anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kumanganso chitenje mwamatama.

"Alamu!" anaitana. Mlamuyo anasuzumira ali kuseri kwa matumba komwe anabisala. "Tatulukani mutsegule geti lonse, muone zimene chala changa chimodzi chachita. Kutsitsa mabotolo mumatha, tsitsani. Koma foni ija musadzaikhudzenso."