Kagawo Kotchedwa Mboni

Panali munthu wina dzina lake Corwin, wophunzira kafukufuku pa labu ina ku Winnipeg. Makolo ena anapereka kachidutswa ka impso ya mwana wawo amene anamwalira, kuti madokotala apeze chimene chinamupha, chifukwa mng'ono wa mwanayo anali atayamba kudwala chimodzimodzi. Atakadula, panatuluka timagawo tinayi tokha.

Ntchito ya Corwin inali yoona ngati puloteni ina inalimo mu impsoyo. Puloteniyo amaimata timadontho ta golide, tochepa kwambiri moti maikulosikopu ya leza, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, siitiona bwino, kenako amathira siliva kuti tikule, tinyezimire.

Mayi Halyna Tkachuk, amene anasamalira maikulosikopuyo zaka makumi atatu, anamuuza kuti kagawo kamodzi asakaike golide, akathire siliva yekha, popeza siliva nthawi zina amanyezimira popanda chifukwa. Kagawo kotere ankakatcha mboni: kakaonetsa mdima, ndiye kuti kuwala kwa timagawo tinato n'kwa golide weniweni.

"Mayi Halyna, timagawo n'tinayi tokha. Ndiwononge kamodzi pojambula mdima?"

"Mdimawo ndi umene udzakuyankhulire, Corwin."

Iye anaseka, nawatcha a khoti. Golide anamuika pa tonse tinayi. Timadontho tinawala bwino, anzake anamugwira chanza.

Dokotala wa mwana wodwalayo atalandira zithunzi anangofunsa kuti mboni ili kuti. Corwin anayesa siliva yemweyo pa impso ya mbewa yopanda golide. Inawala chimodzimodzi. Botolo la siliva linali litawonongeka, ndipo panalibe njira yodziwira kuti golide weniweni ndi uti.

Nthawi imeneyo Mayi Halyna anali atagonekedwa m'chipatala. Corwin atawauza, sanamudzudzule. Anangofunsa kuti mng'onoyo ali bwanji. Mayi Halyna anamwalira chipale chofewa cha nyengo yozizira chisanasungunuke.

Kwa makolo aja Corwin anapita yekha. Bambo a mwanayo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye katsalako kalikonse ka mwana wathu?"

"Ayi, bambo."

Pochotsa katundu wa Mayi Halyna anapeza mabokosi a timagalasi toikapo timagawo ta zaka zonse zija, kalikonse kolembedwa kuti mboni. Corwin anaika kamodzi pa maikulosikopu. Munali mdima wokhawokha. Anakhala pamenepo nthawi yaitali.

Phunziro: Chowala chisakufulumizitseni kukhulupirira, makamaka pamene chili chimene mumafuna kuona. Wodziwa ntchito akakuuzani kuti musiye mboni, isiyeni, chifukwa zinthu zina sizibwera kawiri, ndipo anthu ena sadikira kuti muwathokoze. Tumizirani wina amene ali pa changu lero.