Sikopu ya Saulos Inapimidwa Pofunda

Panali munthu wina ku Whitmore Reans, mu Wolverhampton ku England, dzina lake Saulos. Ameneyo anali katakwe pa mfuti ya mpweya. Ankatha kuthyola mwendo wa udzudzu uli mlengalenga, n'kukufunsaninso ngati mumafuna wakumanzere. Amene anandiuza nkhaniyi sanama, ndipo ine sindiwonjezera kanthu.

Chinali chaka cha 2006. Mkazi wake Mabel anali nesi, Saulosyo ankagwira ntchito ku care home, kosamalira okalamba. Loweruka lililonse ankapita ku kalabu ya owombera, m'kankhalango kunja kwa tauni. Kumeneko amawombera tinyama tachitsulo. Ukalasa pakabowo, kanyamako kamagwa. Koma palibe amakuuza kuti kali patali bwanji. Mtunda umaupeza ndi sikopu, galasi lija lomangirira pamwamba pa mfuti. Umazunguza gudumu la m'mbali mpaka chithunzi chioneke bwino, n'kuwerenga mayadi amene unalemba wekha patepi ya pagudumupo. Ukalakwitsa ndi mayadi awiri okha, waphonya.

Mu Januwale munali mpikisano. Timu ya kalabu yokapikisana ndi makalabu a dziko lonse inali ndi malo amodzi otsala. Olimbirana anali awiri: Saulos ndi mayi wina woyendetsa basi, dzina lake Ann. Saulos anali atalengeza kale kutchalitchi kuti malowo ndi ake, amayi a kwaya n'kululutira.

Ndiye anapita ku Birmingham kukagula sikopu yatsopano. Mwini shopu anamuyalira zitatu. Ya ku China inali mapaundi 150, ya ku Japan 600, ya ku Germany 1,400.

"Makampani akupikisana kwambiri masiku ano," anatero mwini shopu. "Ya pakatiyi ikuchita pafupifupi zonse zimene yodulayo imachita. Kusiyana kwake mungakuone madzulo kukamada."

Saulos anasuzumira mu ya ku Germany, n'kuona nyerere ikuyasamula kutali uko ku Kings Heath. Basi, mtima unagwera pomwepo.

Kunyumba Mabel anaponya chikwama pampando.

"Bambo a Tiffany, fourteen hundred? Mukudziwa ndi ma shift angati amenewo?"

"Mayi, zabwino sizitchipa. Mudzandithokoza ndikadzabwera ndi chikho."

"Chikhocho tidzamweramo tiyi?"

Ku kalabu kunali mdala wina, Harvey, amene anamuphunzitsa masewerawa. Anaitembenuza sikopuyo m'manja, n'kugwedeza mutu.

"Galasi labwino ili, Saulos. Koma chitsulo ndi chitsulo. Chikazizidwa chimakhwinyata, manambala n'kusuntha. Tepi yako ukailembere panja, pachisanu pomwe udzawombere."

"Zimenezo ndi za masikopu otchipa, madala. Iyi yapangidwa kwa eni ake chisanu."

"Ine ndanena," anatero Harvey.

Zoona zake n'zakuti Saulos ankadana ndi chisanu. Ankavala mathalauza awiri ndi masokosi atatu ngakhale mu Juni. Kulemba tepi kumafuna maola atatu uli chiimire panja, ndipo zimenezo sanazifune. Kuntchito kwake kunali kolido yaitali ngati msewu wa ku Mchinji, ndipo hita yake inkatentha moti dzira ukaliiwala pawindo unkalipeza litapsa. Lamlungu masana, agogo onse akuonera TV, anabwera ndi sikopu yokha, mfuti atasiya kunyumba. Anamata nyuzipepala pakhoma, n'kumapima yadi ndi yadi, atavala shati yokha, thukuta lili kamukamu. Manambala anawalemba mokongola ngati satifiketi.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chisanu choti ukalavula, malovu ankagwa ngati mwala. Tinyama tapafupi Saulos anatigwetsa tonse. Anayamba kuimba kamluzu.

Atafika pa takutali, gudumu linati mayadi 50. Anawombera. Ngwee! Kanyama kali chiimire. Kachiwiri, ngwee! Kachitatu chimodzimodzi. Galasilo linali labwino zedi, moti ankaona bwinobwino pamene chipolopolo chilichonse chamenya, pansi pa bowo pang'ono pokha. Palibe munthu anaonapo kuphonya kwake mooneka bwino chotero. Kanyama kamene sikopu inkati kali pa 50 kanali pa 53.

Pa tinyama 40, Saulos anagwetsa 24. Ann anagwetsa 33, malo aja n'kutenga.

Anthu atabalalika, Saulos anapita kwa mayiyo.

"Ndingaone sikopu yanu?"

Inali ngati ya ku Japan ija, koma yopalikapalika. Patepi yake panali mizere itatu: wabuluu wa nthawi yozizira, wobiriwira wa pakatikati, wofiira wa nthawi yotentha. Zaka zitatu mayiyo ankaima panja n'kumalemba. Saulos anasuzumiramo. Chithunzi chinali chachimbuuzi pang'ono.

"Koma yangayi ikuona kuposa yanuyi," anatero motsitsa mawu.

"Kutalitali, love," anayankha Ann. "Yanga imanama kuposa yakoyo. Kungoti ine ndimadziwa tsiku limene imanama, ndi mayadi ake."

Saulos anavula magolovesi, n'kuyamba kumatula tepi yake ndi chikhadabo.

Phunziro: Mtengo umagula galasi, koma kulidziwa galasilo sikugulidwa. Chinthu chodula nachonso chili ndi pamene chimalakwa, ndipo amene wachiyesa pamalo pamene chikagwire ntchito ndiye amachidziwa. Akakulangizani amene anayamba kale, musayankhe ndi risiti. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja amafunsa "ndi zingati?" asanafunse "chimagwira bwanji?"