Dzino la Malume

Panali munthu wina ku Zomba, dzina lake Raymond, dokotala wa mano amene anali ndi kachipatala kake m'tauni. Akuti izi zinachitika nthawi ya Korona, anthu akufa ngati nkhuku za chitopa.

Raymond sankachita chibwana pa ntchito. Ankavala masiki, magolovesi ndi chigalasi chotchinga nkhope, ndipo wotsokomola aliyense ankamubweza kuti akayezetse kaye. Chifukwa chake chinalipo: kunyumba kwake ku Mbedza ankasunga amayi ake, a Benedicta, odwala shuga. Mkazi wake Cathy sankatopa kumukumbutsa.

"Inutu mumagwira ntchito m'kamwa mwa anthu. Mukatengako matendawa, oyamba kugwa ndi amayi."

Tsiku lina kunabwera malume ake, a Medson a ku Malosa, tsaya litatupa. Awa ndiwo anali mwinimbumba, omwe anamulera Raymond bambo ake atamwalira. Ankatsokomola, thupi lili moto.

"Amalume, ndikupatsani mankhwala opha ululu. Mukayezetse kaye, dzino tizula zotsatira zikatuluka."

"Ine ndikayezetse? Chimfine cha chisanu ichi! Ndipo iwe ukundilankhula utadziphimba nkhope ngati wakuba? Ukunyansidwa nane eti? Mamina ako ankapukuta ndani? Chibale ndi fupa, Raymond, sichiola."

Raymond anagwidwa ndi manyazi. Munthu ubweza bwanji malume pakhomo? Anavula chigalasi chija, masiki n'kutsitsira pachibwano kuti malumewo aone nkhope. Pozula, dzino linathyokera m'kati. Anayatsa kamakina kake koboolera mano, malovu a malume n'kumamuwaza kumaso ngati mvula ya mawawa. Iye ankadziwa bwino lomwe chimene chikuchitika, koma anapitiriza.

Kunyumba sanauze Cathy. Madzulo anakhala pafupi ndi amayi ake n'kuwabaya jakisoni wa shuga monga mwa masiku onse.

Pasanapite nthawi Raymond anasiya kumva fungo, anagona masiku angapo, n'kudzuka. A Medson nawo anachira, mpaka kumakukuta chimanga chootcha ndi mano otsalawo. Koma a Benedicta anawatengera kuchipatala akupuma mobanika, ndipo sanabwereko. Mwana wawo, dokotala wathunthu, sanaloledwe n'komwe kulowa kuti awatsanzike. Zinamupweteka kwambiri.

Pamaliro bokosi silinatsegulidwe. Itakwana nthawi ya mawu a banja, anaimirira mwinimbumba, a Medson, atavala masiki yatsopano yofika m'maso.

"Mlongo wangayu sankayendayenda ayi," anatero. "Matendawa anamupeza ali pakhomo. Anawabweretsa ndani? Timaphunzitsa ana kuti atisamale, koma taonani, achipatala enieniwo kulephera kuteteza kholo lawo."

Anthu onse anatembenukira kwa Raymond. Iye anangoti zyoli, chifukwa pamaliro munthu suyankha malume.

Phunziro: Matenda sadziwa chibale, ndipo sachita manyazi ngati ife. Inu madokotala a mano, masiki musamavulire munthu aliyense, kaya ndi abusa, apongozi kapena malume. Amene akukukakamizani kuvula lero ndi yemwe adzakulozeni chala mawa. Nanunso odwala, dokotala akadziphimba sakunyansidwa nanu, ali ndi anthu kwawo. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale anu, makamaka aja okonda kunena kuti "ine ndine wamkulu".