Amene Anakhululukidwa

"Ukamuuze hän kuti ndamukhululukira," Veikko ananong'oneza mkazi wake Aune m'chipatala cha ku Kajaani, n'kutsirizika.

Tsoka lake, m'chinenero chawo cha Chifinishi hän amatanthauza "iye", kaya mwamuna kaya mkazi, ndipo ana awo onse awiri anali atatha zaka khumi osalankhulana ndi bambo awo.

Aune anayamba ndi kuimbira foni Tuomo, mwana wamwamuna, n'kumuuza mawuwo.

"Amanena Riikka, amayi. Ine anandipirikitsa ngati galu."

Riikka, mwana wamkazi, atamuimbira naye, anangoseka mowawidwa mtima. "Ine? Bambo aja mwana wawo anali Tuomo basi."

"Mwanawe, tangobwerani nonse."

"Abwere wokhululukidwayo."

Tsiku la maliro, Aune anakhala yekhayekha pabenchi ya achibale m'tchalitchi. Mwana aliyense anali atasiyira mnzake malo.